Munthu Amene Sankanena Kuti Palibe

A Chisale tinawaika mwezi watha ku Dzoole, mvula ikuwaza. Ochokera kwathu ku Ntchisi tinali ochepa moti tonse tinakwana pa njinga zamoto ziwiri, chonsecho munthuyu anakhala pamudzi pathu zaka zoposa makumi atatu, akutiphunzitsira ana ndi kutikonzera mawailesi ulere. Amene analalikira sankawadziwa. Anati malemuwa anali mphunzitsi wofatsa, wosakonda mikangano. Ine ndinangoweramitsa mutu kuti anthu asaone nkhope yanga, chifukwa a Chisale ankatsutsana ndi aliyense, ngakhale wowerenga nkhani pa wailesi.

Anali amuna a mayi anga aakulu, a Nambewe. Kwa ine anali bambo aakulu, koma kwa mudzi wonse anali mkamwini, ndipo mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha mkazi wake. Lero agona ku Dzoole, kutali ndi manda a mkazi wawo komanso nyumba imene anamanga okha, chifukwa tsiku lina anapemphedwa kunena liwu limodzi, iwo n'kukana. Liwulo ndi lakuti "palibe". Ndikakumbukira mtima umandiwawabe, ndipo mpaka pano sindidziwa woti ndimukwiyire.

Liwu limeneli silinkatuluka pakamwa pawo ndi kale lomwe. A Nambewe akawatuma kukaona ngati nkhuku zaikira, ankabwera chimanjamanja n'kuti, "Sindinapeze."

"Simunapeze, kapena palibe?"

"M'khola ndaona, kuseri kwa nkhokwe ndaona. Ku udzu uko sindinafike."

"Ndiye palibetu!"

"Amenewo ndi mawu anu, Nambewe. Ine ndati sindinapeze."

Ukawafunsa ngati m'chitini mwatsala shuga, ankasuzumiramo nthawi yaitali n'kunena kuti ndi maso awo sakumuona, koma nyerere zikuganiza zina. Ife tinkaseka, a Nambewe ankagwira mutu. Ngakhale pa nkhani imene siinali yoseketsa, ya kusowa kwa ana m'banja mwawo, khalidwe linali lomwelo. Achibale atawapanikiza kuti anene mwini vuto, anayankha kuti apita kuzipatala zingapo ndipo madokotala sanapeze. Anthu anafuna dzina loti aloze chala, a Chisale sanawapatse. A Nambewe ankati chimenecho chokha chinkawakwanira kuwakhululukira mazira onse aja.

Matenda awo osanena kuti palibe anakawatenga ku Ulaya. Akali mphunzitsi wachinyamata wa sayansi, atangokwatira kumene, anapeza mwayi wa maphunziro kunja, nakakhalako zaka zingapo akugwira ntchito ndi akatswiri ena m'chipinda choyesera zinthu. Atabwerako, mudzi wonse unasonkhana kuti umve zimene ankachita kumeneko. Iwo anati ankatchera msampha wa ayoni. A Nambewe anamva kuti ayironi, ndipo anauza amayi anzawo kuti amuna awo anakwera ndege kukagwira simbi yositira, pamene yawo inali pansi pa bedi. Nthabwala imeneyo inakhala pamudzi mpaka onse awiri atachita imvi.

Ine ndinadzamvetsa nditakula, chifukwa ankandifotokozera mobwerezabwereza, ndifune ndisafune. Ankati chinthu chilichonse, kaya mwala, kaya mchere, kaya munthu, chinapangidwa ndi tinthu tochepetsetsa totchedwa maatomu. Ayoni ndi atomu imene yachotsedwa kachidutswa kamodzi, motero magetsi amatha kuikoka ndi kuikankha. Iwo ndi anzawo ankatenga ayoni imodzi yokha, n'kuiika m'kabokosi kachitsulo kamene apopamo mpweya, n'kuiimika pakati popanda choikhudza. Kenako ankaiwalitsa ndi kuwala kwina kumene kumaiziziritsa mpaka kuleka kunjenjemera. Ndikabwereza mawu amenewa ankandidula: "Pafupifupi kuleka, Esinati. Pafupifupi." Ankati tsiku lina anaiona ndi diso lawo kudzera m'galasi, kadontho kabuluu kali kokhakokha mumdima. Akafika pamenepa ankayatsa ndudu.

Cholinga chake ndiye chinkadabwitsa anthu. Ayoni yogwidwa chotere imasanduka wotchi, yolondola kuposa wotchi iliyonse imene munthu anavalapo pamkono. Ukapanga mawotchi awiri a mitundu iwiri ya ayoni n'kumawayerekeza chaka ndi chaka, ukhoza kudziwa ngati malamulo amene dziko limayendera akusuntha. Ngati akulekerera ngakhale pang'ono kwambiri, wotchi imodzi idzayamba kutsogola inzake. Funso lonse linali limenelo: kodi dziko la lero likuyendera malamulo omwewo a makedzana?

Yankho lake sanalidikire ali ku Ulaya. A Nambewe anakanitsitsa kuwatsatira kudziko kumene dzuwa limalowa anthu asanaweruke, ndipo a Chisale analongedza n'kubwerera ku choko ndi bolodi. Sindinawamvepo akudandaula poyera. Koma anzawo aja anapitiriza ntchito, ndipo mafoni a intaneti atafika, nkhani zawo zinayamba kuwapeza pakhonde pomwe. Pakapita zaka zingapo ankawerenga kuti ayezanso, ndipo sanaone kusintha kulikonse. Tsiku limenelo a Chisale ankavala jekete, n'kutsetsereka kupita pa msika, kwa bwenzi lawo a Twaibu a golosale, n'kuitanitsa kanyenya wa mbuzi.

"Ndiye anzanu aja apeza chiyani ulendo uno?" a Twaibu ankafunsa, akudziwa kale yankho.

"Sanapeze."

"Nanga nyamayi tikudyeranji? Mlenje akabwera chimanjamanja amalowa m'mudzi mozemba."

"Chifukwa ulendo uno ayang'ana pafupi kuposa kale, achimwene. Kusapeza kwa chaka chino n'kwakukulu kuposa kuja."

A Twaibu ankapukusa mutu n'kutenga nthuli ina. Ankati pa anthu onse amene amawadziwa, a Chisale okha ndi amene amanenepa ndi kusapeza.

A Chisale atapuma pa ntchito, magetsi atafika m'mbali mwa msewu wathu, anatenga kachipinda kakuseri kwa nyumba n'kuyamba kupanga msampha wawowawo. Ayoni yeniyeni sakanatha kuigwira ku Ntchisi, zipangizo zake n'zodula kuposa mudzi wonse. Anapeza kathiransifoma kakale mumzinda, n'kupinda waya wamkuwa kukhala mphete, n'kuikhomera pa thabwa. Ankapukuta chipeso pa juzi, n'kuchigunditsa pa fumbi la choko, n'kuligwedezera pa mpheteyo. Fumbi lambiri linkagwa. Koma kamodzi, nthawi zina tiwiri, kankaima pakati pa mphete, m'malere, kakuwala ndi katochi kawo kobiriwira. Nthawi zonse ankachenjeza kuti imeneyo si ayoni, ndi fumbi wamba, koma lamulo loligwira ndi lomwelo.

Lamulolo ankalikonda kwambiri. Ankati kanthu kotere sungakagwire pokakoka mbali imodzi, kamathawira kwina. Magetsi ayenera kukakankha uku, kasanathawe n'kukakankhanso uko, mosinthanasinthana osapuma. A Nambewe, amene ankaima pakhomo ndi manja m'chiuno, anati kumeneko ndiye kupeta basi, ndipo lichero lawo limachita zomwezo popanda kulipira magetsi. Kenako anawayang'ana amuna awo n'kuti, "Nanga inu pamudzi pano mwakhala bwanji zaka zonsezi? Si ine wokukankhani uku ndi uko? Tsiku limene ndidzaleke kukangana nanu, mudzagwa ngati fumbi lanulo." A Chisale anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvomera kuti pa sayansi yonse ya tsiku limenelo, yolondola inali imeneyo.

Katochi kobiriwira kaja ndiko kanayambitsa mkangano wawo ndi mkulu wina wa mpingo. Dzina la katochiko pa Chingerezi ndi leza, lomveka ngati Leza, dzina lakale la Mulungu, ndipo a Chisale ankalitchula mosaganiza kawiri. Ana anakauza makolo awo kuti agogo aja ali ndi Leza m'thumba la jekete, ndipo amamuyatsa ndi chala. Mkulu wa mpingo uja anabwera ndi nkhope yamaliro kudzawadzudzula. M'malo mongopepesa kuti mayina angofanana, a Chisale anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa za kuwala mpaka dzuwa kupendeka. Munthuyo anachoka atatopa, koma osakhutira. Akulu amati mkamwini asamakule mwendo. A Chisale mwendo sanakule, chimene chinakula ndi kufotokoza.

Nthawi yonse imene a Nambewe anali moyo, zonsezi zinali nthabwala. Wina akayamba manong'onong'o pa chitsime, iwo ankamuyankha pomwepo, ndipo pakamwa pa a Nambewe panalibe wofuna kupayesa kawiri. Kenako anayamba kutsokomola. Poyamba tinkati ndi chimfine cha miyezi yozizira ya kumapiri kuno. Anapita kuchipatala cha pa Boma, anawatumiza ku Lilongwe, anabwerako ndi mankhwala ochepetsa ululu ndi mawu akuti mapapo awonongeka. A Chisale anasiya fodya tsiku lomwelo, munthu amene ankasuta m'nyumba, pabedi, ngakhale pakudya. Ankawasambitsa okha, kuwaphikira phala, kuwanyamula kupita nawo padzuwa. A Nambewe anamwalira chimanga chikumasula.

Maliro asanazizire, mphekesera zinadzuka. Munthu wopanda ana, wokhala ndi chipinda chimene amatchingamo mawindo masana, wotchera msampha wa zinthu zosaoneka, wosunga Leza m'thumba. Mawu onse anali awo omwe, anthu anangowasonkhanitsa pamodzi. Ana analetsedwa kupita kukakonzetsa mawailesi. Anyamata ena anagenda denga mpaka lata limodzi linabooka. A Twaibu anakwera mtunda kudzawapempha kuti aphwasule chinthucho anthu akuona, koma a Chisale anati kuphwasula ndiye kuvomera kuti chinali choipa.

Itakwana nthawi yoti mbumba isudzule wamasiye, nkhani inali m'manja mwa malume a Yohane, mlongo wawo wa a Nambewe. Kusudzula si kuthamangitsa ayi. Ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi n'kumuuza wotsalayo kuti ndi womasuka, ndipo ngati ndi wachikulire amene anakhala bwino ndi anthu, kawirikawiri amamuuza kuti akhale, pano ndi pawo. Malume si munthu woipa. Ankawakonda alamu awo, ngakhale anakangana nawo zaka zambiri za malire a dimba. Koma anali atamva zimene zinachitikira nkhalamba zina m'madera ena zitanenedwa zoterezi, ndipo ankaopa kuti miyala ya padenga tsiku lina idzatsika.

M'mawa wa tsikulo malume anandiitanira kuseri kwa chigafa cha fodya. "Esinati, alamu anga aja iwe amakumvera. Ukawauze kuti ndiwafunsa funso limodzi pamaso pa anthu. Angoti palibe. Akatero ine ndidziwa choyankha mudzi, nyumba ndi yawo mpaka imfa. Angoti palibe, basi."

Ndinakawauza. Ndinawagwira dzanja, ndinabwereza kangapo ngati ndikuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Anandiyang'ana n'kuti, "Ndamva, mayi." Ndinatuluka mtima uli m'malo pang'ono. Ndinaiwala kuti kwa a Chisale kumva ndi kuvomera ndi zinthu ziwiri.

Anthu atasonkhana, a Chisale anapempha kuti nkhani isanayambe, akuluakulu alowe aone chinthu chimene chikunenedwacho. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu akaona ndi maso ake, mantha amatha. Tinalowa mothithikana: malume, amayi achikulire a mbumba, ndi a Lameki, mwana wa mlongo wawo wa a Chisale, amene anabwera kuchokera ku Dzoole ngati nkhoswe yawo. Anatchinga windo ndi thumba, anapukuta chipeso pa juzi. Ulendo woyamba fumbi lonse linagwa. Wachiwiri kamodzi kanaima. Kanali apo, kobiriwira, m'malere, popanda ulusi, popanda chokagwira. Ine ndinali nditakaonapo kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinakaona ndi maso a amayi aja.

"Kali moyo?" anafunsa mayi wina monong'ona.

"Ndi choko, amayi. Taonani." Anazimitsa magetsi, kafumbi kaja n'kugwa.

Tinatuluka n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Ankhoswe anayankhula mawu awo a mwambo, kenako malume anakonza kukhosi.

"Alamu, takhala nanu zaka zambiri. Ndikufunsani pamaso pa mbumba yonse, tithane nazo tikadye. M'nyumba mwanumu, munali kanthu kalikonse kamene kanapweteka mlongo wanga? Kapena palibe?"

Malume anachita kuwaikira liwulo pakamwa. Chinatsala n'kungolimeza. A Chisale sanayang'ane kachipinda ka msampha. Anayang'ana pawindo la kuchipinda chogona, pamene panali kasosala kakale kamene ankazimitsirapo ndudu. Ndinaona pamene maso awo anapita.

"Ndafufuza, alamu," anatero. "Chimwalirireni Nambewe ndakhala ndikufufuza."

"Eya, mwafufuza. Ndiye palibe?"

"Sindinganene choncho."

Phokoso linayamba kumbuyo, kwa achinyamata. Mayi wina anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Ine ndinaimirira, ngakhale sunali mwambo kuti ndiyankhule pamenepo. Ndinati ndi kayankhulidwe kawo chabe, tonse tikuwadziwa, ngakhale za mazira a nkhuku sanena kuti palibe. Wina anayankha kuti mazira si munthu. Ndiye ndinatembenukira kwa malume, misozi ili m'maso, n'kuti, "Afunseni mosazungulira! Afunseni ngati anawalodza mayi, muone ngati sakana!"

Malume anandiyang'ana ngati ndavula pagulu. "Ndani watchula zimenezo pano, Esinati? Khala pansi."

Apa ndi pamene zonse zinathera. Kwathu mawu amenewo satchulidwa pabwalo, pamaso pa ankhoswe. Timawazungulira, aliyense n'kumadziwa chimene chikunenedwa. Ndiye popeza panalibe amene anawatchula, panalibenso choti a Chisale akane. Mudzi unafunsa mozungulira, iwo anayankha molunjika, ndipo mafunso awiri osiyana anadutsana osakhudzana. Malume anakhala ataweramitsa mutu, kudikira, kuwapatsa mpata wina. A Chisale anangokhala, manja ali pa mawondo. Pamapeto a Lameki anaimirira n'kunena mwaulemu kuti amva, malume awo a Chisale awatenga. Sabata yomweyo ngolo inabwera kudzanyamula bedi, mabuku ndi jekete lija. Msampha anausiya, chifukwa kumene ankapita kunalibe magetsi.

Ndinakawaona ku Dzoole kangapo. A Lameki anawapatsa kanyumba kaudzu m'mbali mwa munda wa soya, ndipo ankawasamala bwino, zimenezo ndisawanamizire. Koma a Chisale kumeneko anachokako ali mnyamata. Anthu a msinkhu wawo anali atatha, otsalawo ankangowadziwa ngati agogo obwera kuchokera ku Ntchisi ndi mbiri ina yake. Panalibe wotsutsana naye. Anawonda, mawu anachepa. Ulendo wina ndinalephera kudzigwira.

"Bambo, chinakuvutani n'chiyani? Liwu limodzi!"

Anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. "Dokotala uja wa ku Lilongwe ndinamufunsa chimene chinawononga mapapo a Nambewe. Anati mwina utsi wa nkhuni, mwina fumbi la m'chigafa, mwina zongobwera zokha. Kenako anandiyang'ana zala izi, n'kufunsa ngati m'nyumba mwathu muli wosuta." Anatambasula zala zawo, zikadali zachikasu kunsonga. "Zaka makumi atatu, Esinati, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira. Ankandiuza kuti ndikasutire panja, ine n'kumayesa ndi mkangano wathu wa masiku onse."

"Komatu iwo sankafunsa za fodya!"

"Ndikudziwa."

"Mumadziwa?"

"Ndinkadziwa chimene akutanthauza. Koma alamu anandifunsa ngati m'nyumba munali kanthu kamene kanamupweteka mlongo wawo. Ndikanati palibe, bwenzi ndikunama pa dzina la Nambewe kuti ndipeze pogona. Kuti ndinene kuti ndi ine, umboni ndilibe. Kuti ndinene kuti si ine, umboni ndilibenso. Ndiye unkafuna ndinene chiyani?"

Ndinkafuna kuwakalipira kuti chilungamo chawocho chawasowetsa pokhala, kuti a Nambewe eniake akanawakoka khutu n'kuwanenetsa liwulo. Koma ndinkadziwanso kuti munthu amene akanati palibe tsiku lija sakanakhala a Chisale, ndipo a Nambewe sakanamudikira munthu ameneyo zaka zonse za ku Ulaya zija. Ndinangokhala pa mphasa n'kulira, iwo n'kumandisisita paphewa ngati wofedwa ndine.

Ndinayesa kubweza nkhaniyo. Ndinakafotokozera malume za kasosala kaja. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupuma mozama, n'kunena kuti akundikhulupirira, koma mawu onenedwa pabwalo sabwezedwa kuseri kwa chigafa. Anati alamuwo abwere adzanene okha pagulu kuti palibe. Nditapita nawo uthengawo ku Dzoole, a Chisale anafunsa ngati funso lasintha. Funso linali lomwelo, yankho linali lomwelo, ndipo ine ndinatha nsapato pakati pa anthu awiri amene ankakondana koma onse osatha kusuntha.

Ulendo wanga womaliza, maso awo anali atafooka moti foni sankathanso kuwerenga. Anandipempha ndiwafufuzire ngati ana a anzawo aja, poti anzawo eniake ambiri anali atapuma kapena kumwalira, ayezanso. Ndinafufuza m'mene anandiphunzitsira, n'kuwawerengera pang'onopang'ono, iwo akukonza katchulidwe kanga. Anali atayerekezanso mawotchi, mosamala kuposa kale, ndipo sanaone kusuntha kulikonse. A Chisale anamwetulira, n'kunena kuti ndiye kuti mpaka pamene maso a anthu afika, dziko likadali lomwe lija. Ine zinandipsetsa mtima, poona munthu wokhala pa mpando wobwereka, m'nyumba yobwereka, akusangalala kuti dziko silinasinthe. Anafunsa ngati a Twaibu akadali ndi golosale, n'kuti ndikawauze kuti ali nawo ngongole ya kanyenya. Kenako anafunsa ngati mango a pakhomo paja abereka chaka chino. Sanati kwanu. Anati kwathu.

Titachoka kumaliro ndinapitirira mpaka kumudzi. M'nyumba muja tsopano mumakhala mwana wa malume ndi banja lake, ndipo apaka utoto wina kutsogolo. Kachipinda kakuseri kokha ndiko kalibe mwini. Safuna kugonamo, safuna kusungamo chimanga, ngakhale nkhuku amazithamangitsa zikalowamo. Kathiransifoma kaja kanapita ndi ogula zitsulo zakale. Chichokereni a Chisale, anthu pamudzi akudwalabe, akumwalirabe, mvula ikuchedwabe monga kale, koma zimenezo palibe amene amaziwerengera.

Ndinakankha chitseko, chinali cholimba ndi chinyezi. Thumba lija likadali pawindo, lachita nkhungu. Thabwa likadali pomwe linali, ndi mphete yamkuwa ija, tsopano yobiriwira ndi dzimbiri. Wina anabweretsa kasosala kaja n'kukaika pakona, mwina posadziwa koti akataye. Ndili chiimire, ndinamva ndodo pakhonde. Anali malume, amene sanathe kupita kumaliro chifukwa cha miyendo. Sanalowe. Anaima pakhomo, akusuzumira.

"Mwatsala kanthu m'menemo, Esinati?"

Ndinayang'ana thabwa, mphete, kasosala, ndi malo pamene a Nambewe ankaima ndi manja m'chiuno. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene liwu lija, losavuta, limene ndinkawakakamiza bambo aakulu kuti anene. Linakana kutuluka.

"Sindinapeze, malume."

Anakhala pansi pakhonde pomwepo, n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Lata limene anyamata anaboola lija silinakonzedwe mpaka lero. Masana dzuwa limalowera pabowolo, n'kugwera pa thabwa, ndipo fumbi la m'chipindamo limaoneka likuyandama m'kuwalako. Ndinaima nthawi yaitali ndikuliyang'ana likutsika pang'onopang'ono kudutsa m'mphete ija. Lonse linkafika pansi.